Katundu wa Eni mu Kalavani ya a Benyounes

Bedi la mu kalavani ija ine sindinagonepo ngakhale kamodzi. Ndikuyambira pamenepa kuti onse amene amatamanda amuna anga, a Benyounes, amve bwino. Inali galimoto yaing'ono, yakale, yoyera moderako ngati dzino la munthu wosuta, koma mkati munali zonse: kasitovu, kasinki, katebulo kopinda, kachimbudzi, ndi bedi kumbuyo lokwana anthu awiri. Anabwera nayo ku Oujda kuchokera ku Faransa atapuma ntchito yawo yothira phula m'misewu ya azungu, imene anaigwira zaka makumi atatu. Tsiku limenelo anandigwira dzanja n'kundisonyeza bedilo.

"Mayi a Nordine, apa ndi panu. Mudzagona apa mpaka kukatsikira pakhomo pa amayi anu."

Ine kupusa kwanga ndinakagula nsalu ya maluwa, n'kusoka choyala.

Amayi anali ku Maghnia, kumene ndinabadwira. Kuchoka pakhomo panga ku Oujda kukafika pakhomo pawo ndi makilomita 27 basi. Nditangokwatiwa ndinkapita m'mawa kukawathandiza kupeta tirigu, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Kenako akuluakulu a mayiko awiriwa anayambana, n'kutseka chipata cha pamalire. Chipatacho dzina lake ndi Zouj Bghal, kutanthauza nyulu ziwiri, ndipo amene anatcha dzinalo anali mlosi ndithu. Tinkati atsegula mwezi wamawa. Mwezi wamawawo unakwanitsa zaka makumi awiri.

Chimene tinatsala nacho ndi chigwa cha pa msewu wa ku Saidia. Ife timaima mbali imodzi, abale athu mbali inayo, pakati pali kamtsinje, waya ndi asilikali. Mumangokuwizana. "Muli bwanji uko?" "Mwanenepatu!" Mwana akabadwa amamukweza m'mwamba ngati nkhuku yogulitsa. Amayi ankabwera ndi mng'ono wanga Kheira, atavala mpango wobiriwira kuti ndiwazindikire msanga. Maso awo atayamba kuchita nkhungu, ankangokweza dzanja kulikonse kumene Kheira wawalozetsa, ndipo tsiku lina anapereka moni wonse kwa msilikali. Kenako miyendo inakana, anasiya kubwera.

Njira ina inalipo, ya anthu amisala. Ukwere sitima ku Nador kuwoloka nyanja kupita ku Spain, uyende pamsewu mpaka ku Alicante, ukwerenso sitima ina kuwoloka nyanja yomweyo kubwerera ku Oran, kenako msewu mpaka ku Maghnia. Ndege dokotala anandiletsa chifukwa cha mtima wangawu. A Benyounes anali ndi mapepala a ku Faransa, ndiye iwo ankazungulira chaka ndi chaka mwezi wa Epulo. Ine viza ya ku Spain anandikana katatu. Ndinkangotsala pakhomo kuwatsazika, iwo ndi mkazi mnzangayo, poti kalavaniyo ndinkaitcha choncho. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, kukazizira ankaifunditsa, ikangotsokomola pang'ono ankaigonera pansi tsiku lonse. Ine ndikatsokomola ankati ndimwe madzi.

Ku Oujda kulibe khomo lopanda m'bale tsidya linalo. Anthu atadziwa kuti pali munthu amene amazungulira, anayamba kubwera ndi timitolo. Katundu amene munthu wakupatsa kuti ukapereke kwa mwini wake kwathu timati amana, ndipo woopa Mulungu sasewera nayo. Koma a Benyounes anapyola muyeso. Amana sankakana, ndipo sankalipiritsa. Choopsa kwambiri chinali chachitatu: amana imaperekedwa m'manja mwa amene dzina lake lalembedwapo. Osati kwa mkazi wake, osati kwa mnansi, osati kuisiya pagolosale. Dzinalo ankalemba okha pa mtolo uliwonse ndi cholembera chakuda chonenepa, lilime lili panja ngati mwana wongoyamba sukulu. Popereka ankati, "M'manja mwanu," kenako n'kukhala pansi kumwa tiyi, chifukwa eti kukana tiyi wa munthu amene wamubweretsera amana n'kumunyoza.

Kumene zinachokera ndikukudziwa. Ali mnyamata ku Faransa, amayi awo anawalukira bulangete n'kupatsira munthu wa m'mudzi. Munthuyo anasiyira mnzake, mnzakeyo anasiyira mnzakenso, bulangete silinafike. Amayi awowo anamwalira chaka chomwecho akufunsabe ngati mwana wawo akufunda. Nkhaniyi anandiuza kamodzi kokha, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndisanamenso, nanenso ndinadyako ubwino wawo. Chaka china anandibweretsera mpango wobiriwira uja, Amayi atagona nawo sabata yathunthu kuti ufike ndi fungo lawo. Anandipatsa m'manja monga mwa lamulo, ine n'kulira mpaka maso kutupa. Nthawi imeneyo ndinkawatamanda nawo limodzi ndi mzinda wonse.

M'chaka cha 2015 mwana wathu Nordine, amene amakhala ku Faransa, anathamanga ndi mapepala mpaka viza yanga inatuluka. Tinakonza zonyamuka Lolemba. Ndinagula chikuku, njinga ija amakhalapo anthu osatha kuyenda, chatsopano, matayala ali mu pulasitiki, kuti ndikawatulutse Amayi panja akaothe dzuwa. Lachisanu Kheira anaimba foni.

"Achemwali, Amayi asiya kudya. Dokotala wabwera, wati tiitane amene ali kutali."

"Wati masiku angati?"

"Sananene. Chonde musachedwe panjira."

Ndinawauza a Benyounes. Anawerenga ndi zala: Lolemba sitima ya ku Nador, Lachiwiri m'mawa tili ku Almeria, madzulo ake sitima ya ku Alicante, Lachitatu m'mawa ku Oran. "Lachitatu masana mukhala mutawagwira dzanja, Mulungu akalola."

"Ulendo uno wokha, bambo a Nordine, musalandire kanthu ka munthu. Ndagwira mwendo wanu."

"Ndamva, mayi."

Anamva chiyani! Lamlungu ndikuchokera kumsika ndinapeza mzere pakhomo panga ngati akugawa shuga. Mabulangete, mabotolo a maolivi, matumba a ubweya wa matiresi a mkwatibwi, nsapato, makina osokera a chitsulo aja olemera ngati mwana wa ng'ombe. Iwo ali pakati, cholembera m'manja, lilime panja. Bedi linali litadzaza kale mpaka kudenga. Pansi pa tebulo podzaza, m'chimbudzi modzaza.

"Kodi si inu munati mwamva?"

"Ndinamvadi. Koma munthu wafika kale pakhomo, katundu ali pamutu, ndimuuze chiyani?"

"Mumuuze kuti apongozi anu akufa!"

"Nawonso ali ndi awo amene akufa, mayi."

Womaliza kubwera anali Fatna wa nyumba yoyang'anizana nafe. Wake mtolo sunali wopita n'komwe tsidya linalo. Unali wa mwana wake Miloud, amene ankagwira ntchito m'mashedi a pulasitiki olimamo tomato kufupi ndi Nijar, ku Spain. Munali nyama youmitsa ndi juzi yoluka pamanja.

"Ndi panjira pomwe, a Benyounes. Mungotulutsa dzanja pawindo."

"Fatna," ndinatero, "mwana wako ali ndi ndevu. Ku Spain majuzi anatha?"

"Iii, mayi a Nordine, kuuma mtima mwakuyamba liti? Viza yomweyi mwayamba kale kudzimva?"

Ndisanamuyankhe, amuna anga anali atalemba kale MILOUD.

Tinanyamuka Lolemba, kalavani itakhalira kumbuyo ngati galu wodwala, chikuku changa chitamangidwa pa makwerero a kumbuyo. Liwiro lake lonse linali makilomita 70 pa ola, ndiponso ikakhala kuti yakondwa. Lachiwiri nthawi ya eyiti m'mawa tinatsika sitima ku Almeria. Chipata cha doko la ku Alicante ankatseka faifi madzulo, ndipo ulendo wake, ngakhale ndi nkhalamba imeneyi, unali wa maola asanu. Nthawi inalipo yambiri. Ndinayamba kupuma bwino.

Ku Nijar kuja dziko lonse ndi pulasitiki. Kulikonse kumene ungayang'ane, mashedi oyera ofanana, kulibe mtengo, kulibe chikwangwani. Tinafika pa famu imene Fatna anatchula. Miloud kunalibe, eti anasamuka mwezi wathawo. Mnyamata wina wa ku Berkane, munthu wa ulemu wake, anavula chipewa n'kunena kuti, "Siyani kwa ine, madala. Timakumana kumzikiti Lachisanu lililonse, ndikamupatsa."

Ndinati Mulungu ndi wamkulu. Ndinali nditagwira kale chitseko.

"Dzina lalembedwa apa ndi Miloud, mwana wanga," anatero a Benyounes. "Si lako."

Maola anayi! Maola anayi tikuzungulira m'tinjira ta fumbi, uyu akuloza uku, uyo akuloza uko. Ndinachonderera, ndinalira, ndinawakumbutsa kuti Amayi anawaphikira chaka ndi chaka. Iwo ankangoti, "Tampeza kale, mayi, shedi inayo." Tinampeza wani koloko itadutsa. Miloud anamasula mtolo, anaona juzi dzuwa likuswa mtengo, anaseka mpaka kugwira mimba. Kenako anaika ketulo pamoto. Ine ndinatsala m'galimoto. Ndinaliza hutala mpaka dzanja kuchita dzanzi, agalu a mafamu onse akuuwa. Iwo anamwa matambula atatu.

"Kuthamanga si kufika, mayi," anatero polowa.

"Zengerezu analinda kwawukwawu. Lizani galimoto!"

Anayesa kuthamanga, ndiwanenere chilungamo. Anapondereza mpaka kalavani inayamba kunjenjemera ngati ya malungo. Pa chitunda china tisanafike ku Murcia injini inawira, utsi woyera kuti fuu. Tinakhala m'mbali mwa msewu pafupifupi ola kudikira kuti izizire. Tinalowa mu Alicante sikisi itadutsa. Sitima ndinaiona ndi maso angawa, ikutuluka padoko, itatipatsa msana.

Mayi wa pawindo la matikiti anati ina idzanyamuka pakatha masiku asanu ndi limodzi. Anatinso ku Marseille kuli yonyamuka Lachisanu masana, malo alipo. Ku Marseille! Makilomita opitirira chikwi, kulowera kumpoto, kuthawa kumene ndikupita. Zimene ndinayankhula padoko paja Mulungu andikhululukire. Ndinatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa. Ndinatukwana Fatna, Miloud, juzi, nyulu ziwiri zija ndi amene anazibereka. A Benyounes anangoika mutu pa chiwongolero.

"Zinalembedwa, mayi."

Lachitatu lonse tinali pamsewu. Malole ankatidutsa akuliza mahutala, ana m'magalimoto akutiloza. Kugona kwanga kunali kwa pampando wakutsogolo, chokhala, mapazi atatupa ngati mikate, pamene kumbuyo kwangaku makina osokera a munthu wina anali atagona mwaufulu pa nsalu yanga ya maluwa. Chakudya chinali buledi ndi nsomba za m'chitini, tikudyera m'manja chifukwa patebulo panali ubweya wa mkwatibwi. Maolivi analimo mabotolo khumi, koma yerekezani kutsegula limodzi muone.

Masana a tsiku limenelo, nthawi imene anandilonjeza kuti ndikhala nditagwira dzanja la Amayi, Kheira anaimba n'kuwaika foni kukhutu.

"Zoulikha, uli pati mwana wanga?"

"Ndili ku Spain, Amayi. Tikupita ku Faransa."

"Ku Faransa? Ukukatani ku Faransa? Ine ndili pompano. Kodi waiwala njira? Ukadutsa pa chitsime paja, ukhotere kumanja, uona mkuyu wathu."

Ndinawapatsa foni a Benyounes kuti ayankhe okha, koma anayang'ana kumsewu ngati sakuiona. Misozi inkatsika m'ndevu zawo. Sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

Lachinayi tinakwera mapiri a pamalire a Spain ndi Faransa ndi giya yoyamba, anthu apanjinga akutipitirira. Potsika china chake chinalira kumbuyo kuti thyo, ndipo tayala linayamba kukhula bodi ya galimoto. Ku Perpignan tinapeza makaniko wina wa ku Tunisia. Analowa pansi, anatuluka akupukusa mutu.

"Madala, iyi ndi kalavani, si lole. Sipuling'i yathyoka imodzi. Ndimanga, koma mukapanda kutsitsa katundu ku Marseille simukafika."

Mumtima ndinati eya, makina osokera aja atsika lero. A Benyounes anakhuthula madzi onse m'thanki. Anatsitsa botolo lathu la gasi, katebulo, bokosi lawo la masipanala, ngakhale mpando wawo wopinda umene ankaukonda. Makaniko anati sizinakwane. Ndiye ndinawaona akupita kumbuyo, n'kuyamba kumasula chingwe cha chikuku.

"Chimenecho ayi!"

"Chathu ndi chathu, mayi, tingathe kuchisiya. Za eni sitingasiye."

"Si chathu, n'cha Amayi!"

"Munagula ndinu. Palibe amene anakutumani."

Tamverani mawu amenewo. Palibe amene anakutumani! Botolo la maolivi linali ndi mwini wake, nsapato zinali ndi mwini wake, koma chimene mwana wagulira mayi wake chinalibe mwini. Ndinagwira chikukucho, iwo anagwiranso, tinakokana pamaso pa makaniko ngati ana. Mtima unayamba kundibaya, ndinachisiya. Anakachisungitsa kwa woyang'anira mzikiti wa pafupi, pamodzi ndi zathu zina zija. Asanachipereke anatulutsa cholembera chija, n'kulemba pa nsalu yotsamira kuti ZOULIKHA.

"Taonani, ndalemba. Tsopano ndi amana. Chidzafika m'manja mwanu."

Ndinalavula pansi.

Sitima ya ku Marseille tinaipeza. Loweruka m'mawa tinafika ku Oran. Magalimoto ena onse ankadutsa pa kasitomu mosachedwa, koma wa yunifolomu atasuzumira m'kalavani mwathu anaimba mluzu.

"Zonsezi n'zanu, madala?"

Ndinawatsina pantchafu. Nenani kuti inde, bambo inu, kamodzi kokha m'moyo wanu.

"Ayi, mwana wanga. N'za eni."

Anatiimika pambali. Anatsitsa chilichonse, mtolo uliwonse kuumasula, ubweya kuupisa dzanja, makina osokera kuwatembenuza. A Benyounes ankamanganso mtolo uliwonse mmene unalili, mfundo yake yomweyo, kuopa kuti mwini wake angati wina anatsegula. Maola ena anayi anathera pamenepo. Ndinamuimbira Kheira.

"Fulumirani, achemwali."

"Akupuma?"

"Ingofulumirani."

Kumbuyo kwake ndinkamva mawu a anthu ambiri, ndi mbale zikugundana. Nyumba ya munthu wodwala sikhala ndi mbale zambiri choncho. Ndinadziwa, koma ndinakana kudziwa.

Tinatuluka padoko masana. Titayandikira ku Ain Temouchent, ndinamva indiketa ikulira kuti tha, tha, tha.

"Mukukhotera kuti?"

"Pali amana ya a Lakhdar, kwawo ndi makilomita khumi okha. Pobwerera sitidzera kuno. Ndi botolo limodzi ndi masilipasi, ndingopereka, tiyi sindimwa."

Ndinatsegula chitseko galimoto ikuyenda. Anaponda buleki, mabotolo onse kumbuyo n'kugundana. Ndinatsika ndi kachikwama kanga ka m'manja, osacheuka. Anandiitana, "Mayi a Nordine! Mayi a Nordine!" koma galimoto sanazimitse, ndipo indiketa inali ikulirabe. Ndinaimitsa takisi ya chikasu. Dalaivala anati adikira idzaze, ine ndinati mipando yonse ndi yanga, tiyeni.

Mkuyu uja ndinaupeza pomwepo. Pansi pake panali mipando ya pulasitiki yondandalikidwa mumsewu, yopanda anthu. Pakhomo nsapato za azimayi zinali mulu. Sindinalowe. Kwathu akazi sapita kumanda tsiku loika maliro, koma ine ndinathamanga ndi mtima wanga wodwalawu kulowera kumanda, mpango utagwa. Sindinafike n'komwe. Pa ngodya ya msewu ndinakumana ndi azibambo akubwerako, jeneza yonyamulira maliro ili yopanda kanthu, akusasa dothi m'manja.

Kheira ndiye anadzandikoka. Anati Amayi anatsikira kuli chete m'bandakucha, sitima yathu ikuyandikira ku Oran. Anawasambitsa, anawaveka, n'kuchonderera azibambo kuti adikire. Anadikira mpaka pemphero la swala ya masana linadutsa. Anadikiranso mpaka swala ya chakumadzulo, ndipo pamenepo shehe anati sitingawasungenso. Tikanatuluka padoko ngati anthu ena onse, ndikanawapeza ali m'nsalu, ndikanawapsompsona pamphumi.

Koma zimene zinandipha si zimenezo. Nditakhala pansi m'chipinda chawo, pa mphasa pakadali ponyowa, Kheira anandiuza za Lachitatu.

"Anadzuka ngati sanadwalepo, achemwali. Anamwa msuzi mbale yonse. Anati ndiwapese tsitsi, ndiwapake utoto wa hina m'manja, chifukwa Zoulikha akubwera lero. Anati ndiwatembenuze ayang'ane kukhomo. Anakhala choncho tsiku lonse. Lachinayi chimodzimodzi. Lachisanu anasiya kufunsa."

Masiku atatu. Ndikanakhala nawo masiku atatu athunthu, akuyankhula, akundigwira kumaso. Ndinawasinthanitsa ndi juzi ya Miloud.

A Benyounes anafika dzuwa likupendeka. Analira ngati mwana, ndipo sanali kunamizira, Amayi ankawakonda. Anabwera pamene ndinakhala, anagwada.

"Zinalembedwa, mayi a Nordine."

"Eya, zinalembedwa. Ndinakuonani mukulemba, lilime lili panja."

Azimayi anandigwira pakamwa, eti pamaliro sayankhula choncho. Ndinaluma dzanja la wina.

Masiku otsatirawo iwo anali kalikiliki kupereka za eni, khomo ndi khomo, m'manja ndi m'manja. Bedi linayamba kuoneka. Tsiku lachitatu la maliro, anthu atabwera kudzapepesa ndi mbale za chakudya cha kusikusi, ndinasuzumira pawindo. Aliyense wotuluka m'nyumba mwathu, atangomaliza kupukuta misozi, ankapita pa kalavani n'kutulutsa kamtolo kukhwapa. Wina zipatso za tende, wina diresi la mwana, wina wailesi. Zonse za ku Oujda. Ndinawaona a Benyounes akuyang'ana kuwindo kumene ndinali. Tinaphana maso. Ndinati mumtima, kanani, bambo inu. Kanani kamodzi kokha, ndikukhululukirani zonse. Anaweramitsa mutu, anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa cholembera.

Tsiku lonyamuka anatsegula chitseko cha mbali yanga, anapukuta mpando ndi mkono wa malaya.

"Kwerani, mayi."

"Pitani."

"Nanga nyumba yanu?"

"Ili pa makilomita 27. Akadzatsegula ndidzabwera wapansi."

Ankaganiza kuti ndi mkwiyo wa maliro, utha. Nordine anaimba foni, alamu anaimba, ngakhale Fatna wopanda manyazi uja anaimba, eti munthu wabwino ngati ameneyu ndidzampeza kuti. Ndinati, "Mtenge iweyo, pamodzi ndi galimoto yake." Ndinatsala kwa Kheira, m'chipinda cha Amayi. Ndinamva kuti Lachisanu lililonse a Benyounes ankaimika kalavani pa chigwa chija cha ku Saidia, n'kumayang'ana mbali ino mpaka asilikali kuwathamangitsa. Sindinapiteko.

Epulo wotsatira, ndikupeta mphodza pabwalo, ndinamva kutsokomola kumene ndingakuzindikire ngakhale ndili m'manda. Kheira anathamangira kukhomo, anabwerera akunong'ona.

"Achemwali, alamu afika. Akuti kuchokera ku Oran sanaime paliponse, ngakhale kwa a Lakhdar."

"Uwalandire iweyo."

"Akukana kundipatsa. Akuti dzina lalembedwapo si langa."

Ndinatuluka. Anali ataonda, mkanjo wawo wa pa Idi ukulendewera m'mapewa. Patsogolo pawo panali chikuku. Sitima ya ku Alicante inalipo chaka chimenecho, koma iwo anaisiya dala, anakwera mapiri aja ndi giya yoyamba mpaka ku Perpignan, kukatenga chikuku cha munthu amene anali atagona m'manda chaka chathunthu. Anachipukuta, matayala akadali mu pulasitiki, dzina langa likuwala pa nsalu yotsamira. Anachikankha pang'onopang'ono mpaka chinagunda mawondo anga.

"M'manja mwanu."

Zaka makumi anayi ndi zinayi ndili mkazi wawo, sanandifikitsepo pa nthawi yake. Nditasanduka dzina la pa mtolo, anayamba ndi ine.

Tiyi ndinawapatsa, chifukwa wobweretsa amana sabwezedwa pakhomo. Koma ndinawapatsira panja, pansi pa mkuyu, pamene timalandirira alendo. Anamwa tambula yoyamba, yachiwiri. Pa yachitatu anayankhula osandiyang'ana.

"Nyumba yazizira, mayi a Nordine. Kodi ulendo uno mukwera?"

Ndinaimirira, ndinayenda mpaka pa kalavani, ndinaika manja pa galasi la kumbuyo n'kusuzumira. Nsalu yanga ya maluwa inkaonekera kangodya kamodzi kokha. Bedi linali lodzaza mpaka kudenga.